Mungadziwe bwanji maitanidwe anu? Malangizo kwa Mkatolika amene akufunafuna njira

Funso limabwera m'njira zosiyanasiyana koma ndi limodzi lomwelo: "Ndingadziwe bwanji ngati Mulungu akundiitanira ku unsembe, ku usisiteri kapena ku banja?" Wina amafunsira pakhomo la tchalitchi Misa itangotha, wina amalemba uthenga pakati pa usiku, wina amayamba ndi mawu oti "ndikungofunsira mnzanga." Yankho lake silingakwane m'mphindi zisanu zoimirira pakhomo, n'chifukwa chake lalembedwa pano lonse.

Musanawerenge zambiri, chotsani m'mutu ganizo loti mudzamva mawu kuchokera kumwamba kapena kulota maloto. Maitanidwe amadziwika zinthu zitatu zikakumana: chikhumbo chokhalitsa mumtima mwanu, kukwanira kwanu pa moyo umenewo, ndi kuvomera kwa mbali inayo, kaya ndi Ambuye Episkopi, akuluakulu a chipani cha ansembe, abulazala kapena asisiteri, kapena munthu amene mukufuna kumanga naye banja. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, nkhani sinathe.

1. Dziwani kaye njira zimene zilipo

Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Lumen Gentium cha mu 1964, unanenetsa kuti wobatizidwa aliyense ndi woitanidwa kukhala woyera. Choncho maitanidwe muli nawo kale. Chimene mukufufuza ndi njira yoti muwakhalire.

Wansembe wa dayosizi amalonjeza kusakwatira ndi kumvera Episkopi wake. Salumbira umphawi, ndipo kawirikawiri amatumikira m'maparishi a dayosizi imodzi moyo wake wonse. Wa chipani ndi wosiyana. Mawu oti chipani pano si a ndale, akutanthauza banja la anthu odzipereka kwa Mulungu, lokhala ndi woyambitsa wake, malamulo ake ndi ntchito yake. A chipani amachita malumbiro atatu, umphawi, kudzisunga ndi kumvera, amakhala pamodzi m'nyumba imodzi, ndipo angathe kutumizidwa kudziko lililonse kumene chipanicho chili. Bulazala ndi mwamuna wa malumbiro amenewa amene sadzozedwa unsembe. Si wansembe wolephera ayi, ndi maitanidwe akeake. Asisiteri ena amatumikira m'sukulu, m'zipatala ndi m'maparishi, pamene ena, monga a ku Carmel ndi otsatira Clare Woyera wa ku Assisi, amabindikira m'nyumba yawo ndipo ntchito yawo yaikulu ndi pemphero. Pali udikoni wokhazikika, umene mwamuna wapabanja angalandire atakwana zaka 35 mkazi wake atavomera, ngakhale si dayosizi iliyonse imene ili nawo. Ndipo pali ukwati, umene ndi sakramenti pakokha, osati kumene amathawira amene alephera kwina.

2. Konzani pemphero lanu, musasankhe kanthu kwa miyezi itatu

Patulani mphindi 20 tsiku lililonse, nthawi imodzimodzi, malo amodzimodzi, foni ili kutali. Mphindi zisanu werengani Mthenga Wabwino wa tsikulo pang'onopang'ono, kawiri. Mphindi khumi khalani chete pa mawu amodzi amene akukhudzani. Mphindi zisanu zomaliza muuzeni Ambuye zimene zili mumtima, m'mawu anuanu. Onjezani Misa imodzi mkati mwa sabata ngati n'kotheka, ndipo muzilapa kamodzi pamwezi.

Cholakwa chofala pano ndi kuchulukitsa mawu: novena pamwamba pa novena, zonse zopempha chizindikiro. Ena amatsegula Baibulo mwachisawawa n'kuloza ndi chala, ena amati "munthu woyamba kundiimbira foni mawa akatchula za ukwati, ndiye yankho." Amenewo ndi maere, si pemphero. Pa 1 Mafumu 19, Eliya sanapeze Chauta mumphepo yamkuntho, m'chivomezi kapena m'moto, koma m'kamphepo kayaziyazi.

3. Gulani kope, muzilemba zimene maganizo amasiya mumtima

Mu 1521 Ignatius wa ku Loyola, ali msilikali, anathyoledwa mwendo ndi chipolopolo cha mzinga pankhondo ya ku Pamplona. Ali chigonere miyezi yambiri, nthawi zina ankalingalira za kutchuka ndi za mkazi wina wapamwamba, nthawi zina za kutsanzira oyera monga Francis ndi Dominic. Zonse ziwiri zinkamukomera pamene akuziganiza. Kusiyana kunali pambuyo pake: zoyambazo zinkamusiya wouma ndi wosakhutira, zachiwirizo zinkamusiya wokondwa ndi wodekha. Apa ndi pamene panachokera chiphunzitso chake cha chitonthozo ndi mdima wa mumtima. Chitonthozo ndi pamene chikhulupiriro, chiyembekezo ndi chikondi zikukula, ngakhale muli m'misozi. Mdima ndi pamene mtima wauma, wasokonezeka, ukukokera pansi, ndipo Mulungu akuoneka ngati ali kutali.

Madzulo aliwonse, mphindi khumi, yang'anani tsiku lanu kuyambira podzuka, n'kulemba mizere itatu kapena inayi. Mwachitsanzo:

"Lachiwiri. Ndaphunzitsa ana katekisimu, anali osamva, ndatopa. Koma pobwerera mtima unali wodzaza, mpaka pogona."

"Lachinayi. Ndaganiza za tsiku langa lodzozedwa, tchalitchi chitadzaza, anthu akuwomba m'manja. Zinakoma. Pogona ndinali wouma, ndangokhalira foni mpaka 1 koloko."

Tsiku limodzi silinena kanthu. Masamba a miyezi itatu mukawawerenga pamodzi, mudzaona zimene zikubwerezabwereza.

4. Pezani mlangizi wa moyo wauzimu

Pa 1 Samueli 3, mnyamata Samueli anamva kuitana katatu konse, ndipo katatu konse anathamangira kwa Eli. Amene anazindikira kuti akuitana ndi Chauta anali Eli wokalambayo. Inunso mukusowa Eli wanu: wansembe, sisiteri, bulazala kapena mkhristu wokhwima amene anaphunzira ntchitoyi. Kumanani kamodzi pamwezi, pafupifupi ola limodzi, mutanyamula kope lija. Asakhale m'bale wanu kapena mnzanu wapamtima, chifukwa amenewo ali kale ndi zimene akukufunirani.

Musasokoneze mlangizi ndi mkulu woona za maitanidwe. Woona za maitanidwe amagwirira ntchito dayosizi kapena chipani, ndipo mbali ya ntchito yake ndi kukuyesani n'kupereka lipoti. Mlangizi amasunga chinsinsi chanu. Mpingo umalemekeza zimenezi kwambiri, mwakuti kanoni 240 ya malamulo a Mpingo a mu 1983 imaletsa kufunsa maganizo a mlangizi wauzimu kapena wansembe wolapitsa pogamula zodzoza kapena kuchotsa mseminale.

Mlangizi wabwino amafunsa mafunso ambiri kuposa kupereka mayankho. Chokani kwa aliyense amene tsiku loyamba lomwe akuti "Mulungu wandiuza kuti iwe ndiwe sisiteri," amene akukuletsani kufunsa kwa ena, kapena amene akufuna muzikumana mobisa. Akayamba kukugwiragwira kapena kukutumizirani mauthenga achikondi, musabwererenso, ndipo kaneneni kwa Episkopi kapena kwa mkulu wa chipani chake. Kanoni 219 imati mkhristu aliyense ali ndi ufulu wosankha moyo wake popanda kukakamizidwa mwa njira iliyonse.

5. Pitani mukaone ndi maso

Ophunzira awiri atafunsa Yesu kumene amakhala, pa Yohane 1:39, anawauza kuti abwere adzaone. Lemberani woona za maitanidwe, pemphani kukakhala nawo masiku atatu kapena sabata. Musasankhe tsiku la chikondwerero cha malumbiro, pamene aliyense wavala bwino ndipo kwaya yakonzekera. Pitani Lachitatu wamba. Dzukani nawo belu likalira, gwirani nawo ntchito. Yang'anani mmene amalankhulirana patebulo, amene amatsuka mbale, mmene amasamalira okalamba ndi odwala awo, ndi zimene amanena za mkulu wawo iye akachokapo. Funsani amene wakhalamo zaka 20 kuti chinamuvuta kwambiri n'chiyani, ndipo n'chiyani chinamuletsa kutuluka. Onani zipani ziwiri kapena zitatu, chifukwa chikomekome cha mkuyu, ndipo kulephera kugwirizana ndi nyumba imodzi sikutanthauza kuti moyo wonsewo si wanu.

Ku mbali ya ukwati, simungazindikire maitanidwe a banja mumlengalenga. Mumaitanidwa kukwatirana ndi munthu wakutiwakuti, wa dzina ndi khalidwe lake. Chibwenzi choyera ndiyo nthawi yofufuza. Kambiranani za ana, za ndalama ndi ngongole, za chipembedzo, za achibale a mbali zonse. Onani mmene amachitira akakwiya. Koma musayende njira ziwiri nthawi imodzi: kulonjeza mwana wa eni ake ukwati uku mukulemba makalata mobisa opita ku seminale ndi nkhanza. Ngati za unsembe kapena usisiteri zakula mumtima, muuzeni poyera, ndipo musamupemphe kuti akudikireni.

6. Fufuzani chimene chikukukankhani

Apa ndiye povuta, ndipo malangizo ambiri amangopalumpha. Tengani pepala, ligaweni pawiri. Mbali ina lembani "Chimene ndikufuna," mbali ina "Chimene ndikuthawa." Mbali yoyamba imadzaza msanga ndi mawu okoma: kutumikira, kupulumutsa mizimu, kulera ana oopa Mulungu. Yachiwiri imatenga masabata, ndipo imawawa.

Anthu amathawira ku seminale kapena ku chipani atasowa ntchito kapena ndalama zopitirizira maphunziro, chibwenzi chitatha mowawa, akuopa amuna kapena akazi chifukwa cha zimene anachitidwa ali ana, akufuna kulipira tchimo lina limene amaganiza kuti kulapa sikunalikwanire, kapena chifukwa mayi awo anawapereka kwa Mulungu ali khanda ndipo akhala akutchedwa "abambo athu" kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Enanso amathawira ku banja chifukwa msinkhu wapita, anzawo onse akwatira, pakhomo pa makolo pawatopetsa, kapena pali mimba.

Yesani motere. Pa chithunzi cha unsembe chimene chili m'mutu mwanu, chotsanipo mkanjo, galimoto, mpando wa kutsogolo ndi maphunziro a kunja. Tsalani ndi parishi yakutali, mkulu amene simugwirizana naye, foni yolira 2 koloko usiku kuti wodwala akufuna kudzozedwa, ndi chipinda chopanda munthu mukabwerako. Kodi chikhumbo chikadalipo? Pa usisiteri chotsanipo chovala ndi ulemu, tsalani ndi kukhala zaka zambiri ndi akazi amene simunawasankhe, kupereka malipiro anu onse ku thumba la nyumba, ndi kusamutsidwa pamene ntchito yangoyamba kukoma. Pa ukwati chotsanipo tsiku la chikondwerero, tsalani ndi mwana wodwala, ntchito itatha, ndi munthu yemweyo atakalamba.

Mukapeza zifukwa zosakanikirana musataye mtima, palibe amene amabwera ndi zoyera zokhazokha. Yakobe ndi Yohane, pa Marko 10, anapempha mipando ya ulemu, koma Yesu sanawachotse, anangowafunsa ngati angamwe chikho chake. Chofunika ndi kudziwa chifukwa chimene chanyamula katundu yense. Chimene mukuthawa chitathetsedwa mawa, ntchito itapezeka, wokondedwa uja atabwerera, kodi mungapitebe? Yankho likakhala ayi, konzani kaye vutolo. Ndipo ngati mwangotuluka m'chibwenzi chachikulu kapena mwaferedwa munthu wapafupi, dikirani chaka chathunthu.

Za kusakwatira zimafuna kunena mosabisa. Kukopeka ndi akazi kapena amuna si chizindikiro choti mulibe maitanidwe, ndiponso kusafuna banja si chizindikiro choti muli nawo. Munthu amene akanakhala bambo kapena mayi wabwino ndiye amakhalanso wansembe kapena sisiteri wabwino. Funso ndi loti kodi mukutha kudzisunga panopa, kwa chaka chathunthu, popanda kukhala wolusa ndi wowawidwa mtima. Zithunzi zolaula, chibwenzi chobisa, mowa kapena njuga sizithera pageti la seminale. Zimalowa nanu, ndipo ukwati nawonso suzichiza. Muuzeni mlangizi wanu, ndipo ngati pali bala lakale, onanani ndi katswiri wa za maganizo.

Tsono pali mantha. Ambiri amalakwa pano poganiza kuti mantha alionse ndi Mulungu akuti ayi, ndipo mtendere uliwonse ndi Mulungu akuti inde. Mantha a munthu woitanidwa amayenda limodzi ndi chikoka: mukuopa mtengo wake, koma mukakhala chete pamaso pa Ukaristia mantha amatsika, chikhumbo n'kutsala. "Ayi" weniweni amaoneka mwina: mukamayandikira, kulemera kumakula, masiku a ulendo uja mumawawerenga ngati wandende, ndipo chimene chikukugwirani ndi mawu oti "ndiyenera" basi. Palinso mtendere wabodza, uja wa mwana wasukulu amene wajomba tsiku la mayeso. Mukaganiza zosiya zonse mumapepukidwa, koma pakatha masiku ochepa kusakhazikika kuja kumabwerera. Chifukwa chake Ignatius anaika lamulo loti pa nthawi ya mdima wa mumtima musasinthe chimene munatsimikiza muli m'kuwala. Dikirani mdima uthe, pempherani mochulukirapo pang'ono, kenaka muyang'anenso.

7. Ikani tsiku, musankhe

Pali anthu amene akhala "akufufuza" zaka khumi. Kumeneko ndi kuopa kutseka khomo limodzi. Gwirizanani ndi mlangizi wanu tsiku, pakati pa miyezi 6 ndi 12 kuchokera pamene munayamba, ndipo chitani m'bindikiro wachete wa masiku atatu mpaka asanu ndi atatu.

Ngati kope lanu likuloza mbali imodzi momveka, tsatirani. Ngati mtima uli phee osapendekera kulikonse, Ignatius anapereka njira ya nzeru. Lembani funso limodzi lokha, loyankhika ndi inde kapena ayi, monga "Ndilembe kalata yopempha kulowa chipani chakuti chaka chino?" Lembani ubwino ndi kuipa kwa inde, ubwino ndi kuipa kwa ayi, poyang'ana kutumikira Mulungu. Kenaka dzifunseni zimene mukanalangiza mlendo amene ali m'vuto lomweli, ndi zimene mudzalakalaka mukanasankha mukadzakhala pafupi kufa. Mukasankha, perekani chisankhocho kwa Mulungu pa Misa, khalani nacho masabata awiri kapena atatu musanauze anthu ambiri, muone ngati mtendere ukukhazikika.

Kumbukirani kuti mukusankha phazi lotsatira lokha. Kulowa seminale si kudzozedwa, kutomera si ukwati.

8. Uzani makolo

Auzeni muli pansi, pamaso, osati pafoni. Akakana, mvetserani chimene chili pansi pa mawu awo: kawirikawiri ndi zidzukulu, kusungulumwa, kapena funso loti adzawasamala ndani. Mafunso amenewa ndi oona, ndipo ngati pali makolo kapena ana amene akudalira inu nokha, akuluakulu a chipani adzafunsanso zomwezo. Konzani dongosolo ndi abale anu. Makolo ali ndi ufulu wolangiza, koma kusankha n'kwanu. Chimodzimodzi ngati akukukankhirani ku unsembe: kanoni 1026 imaletsa kukakamiza munthu kudzozedwa, ndipo ukwati womangidwa chifukwa cha kuumirizidwa kapena mantha aakulu sukhala ukwati pamaso pa Mpingo.

9. Zikalata ndi zaka zimene zikukudikirani

Konzani chikalata cha ubatizo ndi cha ulimbitso kuchokera ku parishi kumene munalandirira masakramentiwo, kalata ya bambo mfumu, zikalata za sukulu, ndi lipoti la dokotala. Malo ambiri amafunanso kuyezedwa ndi katswiri wa za maganizo. Ngongole zimene simungathe kubweza zimatseka khomo la chipani, choncho zineneni msanga.

Wofuna unsembe amayamba ndi chaka chimodzi kapena ziwiri zokonzekera, malinga ndi malangizo a ku Vatican a mu 2016, kenaka zaka zosachepera ziwiri za filosofi ndi zinayi za teoloje, ndipo malo ambiri amawonjezera chaka cha utumiki ku parishi. Udikoni salandira asanakwane zaka 23, unsembe asanakwane 25, ndipo pakati pa ziwirizi pamadutsa miyezi yosachepera 6.

Ku chipani mumayamba ngati postulanti, ndiye kuti wopempha kulowa, amene akukhala nawo m'nyumba koma sanalonjeze kanthu. Kenaka mumakhala novisi, wophunzira moyo wa chipanicho, kwa miyezi yosachepera 12 ndi yosapitirira zaka ziwiri, ndipo muyenera kukhala mutakwana zaka 17. Malumbiro oyamba ndi a kanthawi, amatenga zaka zitatu mpaka zisanu ndi chimodzi, ndipo angatalikitsidwe koma osapitirira zaka 9 zonse pamodzi. Malumbiro osatha sachitika munthu asanakwane zaka 21. Novisi ali ndi ufulu wotuluka tsiku lililonse.

10. Mukakanidwa, kapena mukatuluka

Louis Martin anapempha kulowa m'nyumba ya a chipani ku Great St Bernard, m'mapiri a Alps, koma anabwezedwa chifukwa sankadziwa Chilatini. Zélie Guérin anapempha kukhala sisiteri, nayenso anakanidwa. Anakwatirana mu 1858, mwana wawo womaliza ndi Thérèse Woyera wa ku Lisieux, ndipo iwo awiri anatchulidwa oyera limodzi mu 2015. Mwana wawo wina, Léonie, analowa ndi kutuluka m'nyumba za asisiteri katatu asanakhazikike kwa asisiteri a Visitation ku Caen mu 1899. Pa Marko 5, munthu amene anachotsedwa mizimu yoipa anapempha kutsagana ndi Yesu, koma Yesu anamubweza kwawo kuti akafotokoze zimene Ambuye amuchitira.

Mukakanidwa, funsani chifukwa chake mwaulemu, ndipo funsani ngati ndi "ayi" kapena "osati panopa." Ngati vuto ndi maphunziro, thanzi kapena ngongole, mwina n'lokonzeka. Bwererani kwa mlangizi wanu, pitirizani mphindi 20 zija, ndipo papite chaka musanagogode khomo lina kapena kulonjeza munthu ukwati. Mukadzapempha kwina, musabise kuti munakhalapo ku seminale kapena ku chipani china. Malamulo a Mpingo amafuna umboni wochokera kwa mkulu wa kumene munachokako, ndipo kalatayo idzafunsidwa ndithu.